Valavu yokhutulira oyilo pa pikapu: Hilux inde, koma Ranger musafulumire

Bambo wina wanditumizira imelo, ndipo funso lake ndalifupikitsa motere:

"Ndili ndi Toyota Hilux ya dizilo, ya 2.8, ndipo oyilo ndimasintha ndekha pakhomo. Ndikangomasula bauti ya sampu, oyilo amandiotcha dzanja, kenako amayenderera pa chitsulo choteteza injini n'kumadontha paliponse. Pa intaneti ndaona timavalavu toika m'malo mwa bautiyo. Kodi sitingatseguke tokha ndili pa ulendo? Nanga sitisiya oyilo wakuda m'kati? Galimotoyi imayenda kwambiri m'misewu ya miyala. Mng'ono wanga ali ndi Ford Ranger ya 3.2, ndiye ndimafuna ndigule tiwiri."

Zikomo bambo. Pa Hilux yanuyo ine ndingati ikani, koma muyambe mwagona pansi pake n'kuona kumene bowo la sampu (chosungira oyilo cha pansi pa injini) layang'ana. Ya mng'ono wanuyo dikirani kaye. Ndifikako, ndipo mwa zonse mwafunsazi imeneyo ndiyo ingaphe injini.

Kachipangizoka kamagwira ntchito mosavuta. Mumachotsa bauti, n'kumanga valavu m'mazinga omwewo, ndipo imakhazikika pomwepo. Yodziwika kwambiri ndi ya Fumoto, ya ku Japan. Thupi lake ndi la mkuwa wachikasu, m'kati muli kampira kachitsulo koboola pakati. Mukapotoza kachogwirira kake, bowo la kampirako limalunjikana ndi njira ya oyilo, monga zimakhalira ndi mpopi wa madzi, ndipo oyilo amayamba kutsika. Ya EZ inapangidwa mofananako. Palinso mtundu wina wopanda chogwirira, monga Stahlbus ya ku Germany ndi ValvoMax. Imeneyi imatsekedwa ndi sipuling'i m'kati, ndipo imatseguka pokhapokha mukalumikiza kapaipi kake kamene imabwera nako. Mukamaliza mumachotsa kapaipiko n'kuvindikira.

Otsatsa malonda amakonda kunena kuti mudzapulumutsa nthawi. Pamenepo musawakhulupirire kwambiri. Oyilo amatuluka pang'onopang'ono kuposa pa bowo la bauti, chifukwa njira ya m'valavu iyenera kukwana m'kati mwa mazinga omwe aja, choncho imakhala yopapatiza. Ndipo kuchepako kumaluma kuposa mmene maso amaonera: bowo la mamilimita 7 lili ndi theka chabe la malo amene bowo la mamilimita 10 lili nawo. Injini ya Hilux yanu imamwa oyilo wokwana malita pafupifupi 7.5. Akakhala wozizira, mudikira mpaka kutopa. Mukayamba mwaiyendetsa galimoto pang'ono kuti oyilo afunde, n'kutsegula chivindikiro chothirira pamwamba kuti mpweya uzilowa, zimayenda bwino ndithu, komabe osafika pa liwiro la bauti.

Phindu lenileni lili pa mazinga. Bauti ya sampu imafuna mphamvu yochepa, pa ma Toyota ambiri ndi pakati pa 35 ndi 40 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira bauti), ndipo wosha yake ya aluminiyamu kapena ya mkuwa imayenera kusinthidwa pa sevisi iliyonse chifukwa imaphwanyika pomanga. Koma zimene zimachitika ndi zina. Munthu amabwezera wosha yakale, aona kadontho, awonjezera mphamvu, ulendo wina awonjezeranso. Mazinga amadyeka pang'onopang'ono mpaka tsiku lina bauti imangozungulira osagwira. Pa sampu ya aluminiyamu zimenezi sizichedwa. Kuchoka apo ndi kudula mazinga atsopano, kapena kugula sampu ina. Valavu mumaimanga kamodzi, ndipo mazingawo sakhudzidwanso. Kwa ine chifukwa chimenechi chokha n'chokwanira kwa munthu amene akufuna kukhala ndi galimoto yake zaka zambiri.

Vuto lanu la dzanja ndi la chitsulo cha pansi limathanso, koma sankhani valavu yokhala ndi kamlomo kolowetsapo paipi. Paipi yoonekera m'kati mumaidutsa pa bowo la chitsulocho, mbali inayo m'chigubu, basi. Palibe beseni lodzaza loti mulikoke mukunjenjemera. Chigubucho chikhale cha malita 10, osati 5, apo ayi muphunzira kuthamanga mutagona chagada. Dziwani kuti ngati fyuluta ya galimoto yanu simungaifike popanda kuchotsa chitsulocho, ndiye kuti mudzachichotsabe, ndipo gawo lina la phindu lapita.

Tsopano za kutseguka yokha. Pa Fumoto, kachogwirira kamakhala m'kampata, sipuling'i itakakanikiza. Kuti katembenuke muyenera kukanyamula kaye kenako n'kukapotoza, zinthu ziwiri zosiyana. Kugwedezeka kwa mumsewu sikungachite zimenezo. Chimene chingachite ndi nthambi kapena chiputu cholowa pansi pa galimoto n'kukola malo oyenera pa nthawi yoyenera. N'zosowa, komabe opanga ake amagulitsa kachipanizo kotsekera chogwiriracho, ndipo inu amene mumayenda kunja kwa tala musachite kufunsa, ikani. Mitundu yopanda chogwirira ija ilibiretu nkhawa imeneyi, kungoti kapaipi kake mukakataya mwadzitsekera panja. Kasungeni m'galimoto momwemo, m'kathumba.

Chimene ine ndimaopa si kutseguka, koma kuthyoka. Mutu wa bauti umatuluka pang'ono chabe. Valavu yokhala ndi chogwirira ndi kamlomo imatuluka masentimita angapo, ndipo khosi lake, pamene pali mazinga, ndi mkuwa woboola m'kati, wofewa kuposa chitsulo. Mwala ukaimenya m'mbali, imatha kuduka pakhosipo. Oyilo yense amatsala mumsewu, ndipo ngati simunaone msanga nyali yofiira ya oyilo, injini yanoka. N'chifukwa chake ndati mugone pansi pa galimoto musanagule. Onani ngati bowo layang'ana pansi, kumbali kapena kumbuyo. Loyang'ana kumbali kapena kumbuyo ndi labwino, chifukwa sampu yomweyo imaiteteza valavu. Loyang'ana pansi ndilo lofunika kuyeza. Tengani thabwa lowongoka, muligoneke mopingasa pansi pa chitsulo choteteza injini kapena pansi pa chitsulo chopingasa cha chesisi, muyeze mpata kuchoka pa thabwalo kufika pa bowo, kenako muyerekeze ndi kutalika kwa valavu kumene ogulitsa alemba. Valavu isakhale chinthu choyamba kukumana ndi mwala. Ngati chitsulo choteteza chimene mwanena chija n'cholimba, mwina muli bwino. Ngati mpata ndi wochepa, tengani yaifupi yopanda chogwirira. Ndipo ngati bowo linalowa m'kati kotero kuti pakufunika kachitsulo kotalikitsira, kumbukirani kuti kamenekonso kakuwonjezera kutalika.

Funso la oyilo wotsala anthu amalikulitsa kuposa msinkhu wake. N'zoona kuti pa masampu ena nsonga ya valavu imadutsa pang'ono m'kati, ndiye oyilo wochepa amakhala pansi osatuluka. Koma ngakhale ndi bauti, injini siikhuthuka yonse. Oyilo amatsala m'tinjira ta m'kati, m'choziziritsira oyilo, pamwamba pa hedi, mu tebo. N'chifukwa chake m'mabuku a makaniko muyezo wa injini yongomangidwa kumene umaposa muyezo wa pa sevisi. Ndipo pa dizilo oyilo watsopano amada msanga ndi mwaye, valavu ilipo kapena palibe, choncho musaweruze ndi mtundu wake. Ngati mtima sukukhazikika, pali njira yodzionera nokha: ulendo wina oyilo akasiya kudontha, masulani valavu yonse muone zimene zitsatire. Zikakhala zochepa, iwalani nkhaniyo. Chinthu chimodzi chimene mumatayadi ndi maginito, ngati bauti yanu inali nayo pansonga yogwira tizitsulo tonyenyeka. Amene amakonda kuyang'ana pamenepo pa sevisi iliyonse adzawasowa maginitowo.

Pogula, mazinga ndiwo oyamba. Ma Toyota ndi ma Nissan ambiri amagwiritsa M12 x 1.25. Ranger ndi Mitsubishi Triton nthawi zambiri ndi M14 x 1.5. Ma Chevrolet Silverado ambiri ndi M12 x 1.75. Taonani kuti Toyota ndi Chevrolet onse ndi 12, koma nambala yachiwiri, imene ikunena kutalikirana kwa mazinga, ndi yosiyana. Valavu yolakwika imalowa bwinobwino kuzungulira koyamba, kenako imalimba, ndipo munthu wa sipanala m'manja amaganiza kuti ikungofuna mphamvu. Mazinga aja mumafuna kuwasunga mwawapha tsiku loyamba. Gundanitsani mazinga a valavu ndi a bauti yakale, alowane bwinobwino popanda mpata. Amene ali ndi ma Ford F-150 ena a zaka zaposachedwa, a sampu ya pulasitiki ndi chotsekera chongopotoza, valavu wamba siingalowe n'komwe. Ndipo pewani zotsanzira zopanda dzina. Pamalo pamene pakudalira moyo wa injini si pofunira zotchipa.

Kumanga kwake ndi kwa dzanja. Pukutani pakamwa pa bowo, onetsetsani kuti wosha yakale siinakakamire pamenepo, ikani imene yabwera ndi valavu, mangani ndi zala mpaka ifike. Kenako sipanala yaing'ono, yogwira thupi la valavu osati chogwirira, pang'ono chabe. A Fumoto amati gawo limodzi mwa magawo 8 a kuzungulira konse. Chogwirira chikathera mbali yoipa, musaumirize kuti chifike pamene mukufuna. Alipo mavalavu opangidwa kuti muzitha kuwatembenuza musanawalimbitse.

Tifike kwa mng'ono wanu uja. Injini ya 3.2 ya masilinda asanu, imene inabwera ndi Ranger kuyambira 2011 ndiponso ili mu Mazda BT-50 ya nthawi yomweyo, ili ndi pampu ya oyilo ya mtundu wosintha muyezo malinga ndi zimene injini ikufuna. Pampu imeneyi ili ndi khalidwe lake. Ikakhala nthawi yaitali sampu ili yopanda kanthu, oyilo amachoka m'kati mwake, ndipo mukathira watsopano n'kuliza injini imatha kukanika kukoka. Injini imalira, sampu yadzaza, koma ku mabeling'i sikukufika kalikonse. N'chifukwa chake amakaniko odziwa galimotozi amatsatira lamulo la mphindi 10: kuyambira pamene mwatsegula mpaka pamene mwathira watsopano, musapitirire pamenepo. Tsono injiniyi imamwa pafupifupi malita 10. Ganizirani malita amenewo akudutsa pa kabowo kopapatiza kaja. Nthawi imene bauti ikanakupatsani yotsekera ndi kuthira, valavu yaidya. Choipitsitsa n'chakuti valavu imaphunzitsa munthu chizolowezi chotsegula n'kupita kukachita zina, chifukwa palibe chotayikira. Pa Hilux chizolowezi chimenecho sichipweteka. Pa Ranger imeneyi n'choopsa. Ine ndingamuuze kuti akhale ndi bauti yake, agule mawosha angapo ndi sipanala yoyezera mphamvu, oyilo watsopano akhale atamutsegula kale pambali asanamasule chilichonse, ndipo fyuluta asinthe payokha, osati sampu ili pululu. Ngati waumirira valavu, oyilo akhale wofunda bwino, wotchi ili m'manja, ndipo atseke nthawi ikakwana ngakhale kukudonthabe.

Pali zabwino zina ziwiri zimene simunafunse. Valavu imakulolani kutulutsa oyilo pang'ono n'kutsekanso, chinthu chosatheka ndi bauti popanda kusamba oyilo mpaka m'chigongono. Mukathira mopyola muyezo, mumangochotsa kapu imodzi. Ndipo amene amatumiza oyilo kukapimidwa amatha kutenga wapakati, osati woyamba amene amabwera ndi zinyalala za pansi. Chenjezo lili pa madizilo okhala ndi DPF, sefa yogwira mwaye m'paipi ya utsi: mukaona oyilo akukwera yekha pa kachitsulo koyezera, kawirikawiri ndi dizilo amene akulowa mu sampu. Kumuchepetsa ndi valavu sikuchotsa vutolo, chifukwa wotsalayo wasungunuka kale. Ameneyo ndi wosintha yense, n'kufufuza chimene chikuchititsa.

Pikapu zambiri n'zazitali moti munthu amalowa pansi popanda jeke, ndipo ndi bwino choncho, galimoto ili pamalo osatsetsereka, handibuleki yokoka, matayala otchinga. Mukafuna kuikweza, jeke yokha si yoti muigonere pansi, pafunika zochirikiza zachitsulo. Oyilo wakale asakhalitse pakhungu, ndipo popeza walowa kale m'chigubu, ingotsekani n'kukapereka kumene amalandira. Asathiridwe pansi kapena m'ngalande.

Cholakwa chimene chimabwera ndi valavu n'chakuti yotseguka ndi yotseka zimaoneka pafupifupi mofanana, pamene bauti yoiwalika imakhala pambali panu kukukumbutsani. Ndiye dzipangireni dongosolo losasintha: tsekani mpaka mumve chogwirira chagwera m'kampata kake, ikani kachipanizo, kenako ndi pamene muzule paipi. Mukathira oyilo lizani injini, onani kuti nyali yazima m'masekondi ochepa, zimitsani, dikirani mphindi zisanu muyeze. Pa sevisi yoyambayo pukutani valavu iume, ndipo m'mawa mwake mudutsepo chala kuzungulira pa wosha. Chikabwera ndi oyilo, onjezerani pang'ono kwambiri ndi sipanala yaing'ono ija. Kukadonthabe, musawonjezerenso: masulani, muone wosha ndi pakamwa pa bowo.