Kompyuta yakaleyo musathamangire kuitaya, achimwene

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Mzuzu amene ali ndi kashopu kotayipira anthu makalata ndi kupulinta. Desktop yawo ya Dell OptiPlex, ya purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel i5 ya cha m'ma 2012, yayamba ulesi ndipo nthawi zina imangozima yokha ntchito ili mkati. Akufunsa ngati akonzetse kapena agule zipangizo n'kumanga ina yatsopano.

Achimwene, funso lanuli landifika pamtima. Ineyo ndinatsala pang'ono kutayitsidwa kompyuta yabwinobwino chifukwa cha pakamwa pa wokonza wina m'tauni muno. Yanga inali HP, ya kaunjika ija imabwera kuchokera m'maofesi a ku UK. Tsiku lina magetsi atathima n'kubweranso mwamphamvu, inakaniratu kuyaka. Wokonzayo anangosuzumira mkatimo n'kupukusa mutu, amvekere motherboard (bodi yaikulu imene zipangizo zonse zimalumikizidwapo) yapsa bwana, iyi ndiye yapita. Ndikuyang'ana pashelefu, ali ndi ina yogulitsa, yopukutidwa kale. Ndinanyamula katundu wanga kupita kwa mnyamata wina wa kukoleji amene amakonzera m'chipinda chake chogona. Iye anazula power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta, n'kulumikiza ina yobwereka, makina n'kuyaka pompo.

Kuipeza power supply yakeyakeyo ndiye inali ntchito. Makompyuta ang'onoang'ono a muofesi a Dell ndi HP ambiri amakhala ndi power supply ya kapangidwe kakekake, moti wamba ija silowa m'bokosimo. Ndinazungulira mashopu mpaka kukaipeza m'kompyuta ina yakufa imene mwiniwake ankaigulitsa chidutswachidutswa. Kuchokera pamenepo, munthu akandiuza kuti bodi yapsa asanayese n'komwe power supply ina, ndimangodziwa kuti akufuna kundidyera.

Ndipo tinene zoona, chimene chimapha makompyuta athu kuno si ukalamba ayi. Ndi magetsi othimathimawa, kenako fumbi. Tsegulani desktop iliyonse imene yakhala pansi pa tebulo chilimwe chonse, mupeza fani ya purosesa itavala bulangete la fumbi. Mu Okutobala kukatentha, purosesa imafika poti imadzizimitsa yokha kuti isapse, ndipo mwini wake amayamba kuganiza zamaliro pomwe chofunika ndi kupemerera ndi blower basi, ndi kupaka thermal paste watsopano, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa. Kuzima kwanu kuja ndikukukayikira pamenepa, kapena pa power supply yotopa.

Anyamata a pa YouTube amene amamanga makompyuta owala magetsi amitundumitundu aja andikwana. Iwo chipangizo chikabwera chakufa amabweza n'kulandira china sabata yomweyo. Inu mukaitanitsa motherboard ku Johannesburg kapena ku Dubai kudzera kwa munthu wa basi, n'kupezeka kuti siyaka, mukalilira ndani? Komanso zinthu zimenezi mitengo yake imayendera dola. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi kusowa kwa forex kumeneku, mtengo umene akuuzani Lolemba pofika Lachisanu ndi wina. Kumanga yatsopano sikutheka kugula chimodzichimodzi n'kumaphatikiza ndi zakale monga ena amaganizira. RAM yanu, memory imene kompyuta imagwirira ntchito, ndi ya mtundu wakale wa DDR3, silowa pa bodi ya masiku ano imene imafuna DDR4 kapena DDR5, ndipo purosesa yatsopano sikhala pa soketi yakale. Zitatuzo zimagulidwa pamodzi. Zonsezo kuti muzitayipa makalata ofunsira ntchito ndi mapulogalamu a ukwati? Ine ndikuti ayi, kumeneko n'kuwononga mpamba.

Nanga za Windows 10?

Apa pokha ndi pamene yakaleyo ili ndi mlandu weniweni. Microsoft inasiya kupereka zigamba zachitetezo zanthawi zonse za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Yanuyo ndi ya m'badwo wachitatu, siikwanira. Sikuti Windows 10 inazima tsiku limenelo, imagwirabe ntchito, koma shopu ngati yanu ma flash a makasitomala amalowa ndi kutuluka tsiku lonse, ndipo mavairasi amayendera momwemo. Ena akuuzani kuti m'malo mwa Windows ikani Linux Mint. Ine ndimaikonda, ndipo pa makina akale imathamanga bwino, koma yambani mwaona ngati pulinta yanu igwirizana nayo, ndiponso ngati mafayilo a Word a makasitomala sasokonekera mu LibreOffice, pulogalamu yotayipira imene imalowa m'malo mwa Word mmenemo. Kasitomala wothamangira kukapereka CV safuna kumva nkhani za mafonti.

Ndiye chitani izi. Koperani mafayilo onse kaye pa hard disk ina lero lomwe. Ipemerereni, sinthani paste, ndipo wina ayese power supply ina. Chotsani hard disk yozungulira ija muike SSD ya SATA, chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk, ngakhale ya 256GB, RAM ifike 8GB. Kusintha kwake mudzadabwa nako. Gulaninso UPS, batire yogwirizira kompyuta magetsi akathima, kapena ikavuta, surge protector yeniyeni yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu. Ikakhala kuti bodi yafadi, kapena mwafunitsitsa Windows 11, musamangebe yatsopano. Funani OptiPlex kapena HP ya kaunjika ya i5 ya m'badwo wa 8, muiyatse ndi kuiyesa pashopu pomwepo musanapereke ndalama, ndipo SSD mwagula ija muisamutsire mmenemo.