Kwa achimwene a ku Area 25: yambirani pa munda wa Naboti

Achimwene, funso lanu ndinaliona m'mawa ndili m'minibasi, koma ndinati ndiliyankhe nditakhala pansi. Kwa amene silinakupezeni poti mauthenga achuluka m'gulu muno: mbale wathuyu wasankhidwa kukatsogolera phunziro ku mlaga kwawo Lachitatu likudzali, ndipo mutu umene wapatsidwa ndi wa chiweruzo cha Mulungu pa olamulira oipa. Akufunsa kuti awerenge pati, komanso achite bwanji kuti anthu asatuluke akunena kuti walalikira ndale.

Ine ndikuti tengani 1 Mafumu 21, nkhani ya munda wa Naboti, mukhazikike pomwepo. Ndaona ena akuponyerani kale mavesi, wina Farao, wina Nebukadinezara, wina Herode wodyedwa ndi mphutsi uja. Onsewo ndi oona, koma mukawanyamula onse mudzangokhala ngati mukuwerenga maina a anthu akufa, anthu n'kumati ameni osatolapo kanthu. Nkhani ya Naboti ili ndi mwayi umodzi: ndi nkhani ya malo, ndipo muno mu Lilongwe palibe amene muyenera kumufotokozera kuti malo amapweteka bwanji. Pa anthu khumi amene adzakhale pamenepo, simudzalephera kupeza mmodzi amene anagula puloti n'kupeza kuti inagulitsidwanso kwa wina, kapena amene kumudzi kwawo munda wa agogo unapita iwo osadziwa.

Muiwerenge pang'onopang'ono, chifukwa zokoma zake zili m'tinthu ting'onoting'ono. Mfumu Ahabu sanayambe ndi kulanda ayi. Anapita kwa Naboti mwaulemu, nati munda wako wamphesawu wayandikana ndi nyumba yanga, ndipatse ndilimemo ndiwo zamasamba, ndikupatsa wina wabwino koposa kapena ndalama. Naboti anakana, nati ichi ndi cholowa cha makolo anga. Sikunali kuuma mutu. Lamulo la pa Levitiko 25:23 linkati nthaka isagulitsidwe mpaka kalekale chifukwa mwini wake ndi Mulungu. Ndiye taonani mfumu ya dziko lonse la Israele: yabwerera kunyumba, yagona pabedi, yatembenuza nkhope, nsima yakana. Chifukwa cha dimba la ndiwo.

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo. Yezebeli, mkazi wa Ahabu, sanatume asilikali usiku. Analemba makalata m'dzina la Ahabu, nadindapo chidindo cha mfumu, natumiza kwa akuluakulu a mzinda wa Naboti yemweyo. Anati lengezani tsiku losala kudya, mumukhazike Naboti kutsogolo, mupeze anthu awiri omunamizira kuti watukwana Mulungu ndi mfumu. Chifukwa chiyani awiri? Chifukwa malamulo a Mose ankafuna mboni zosachepera ziwiri kuti munthu aphedwe. Zonse zinayenda mwadongosolo, kalata ilipo, chidindo chilipo, mboni zakwana, ngakhale mapemphero analipo. Amene anaponya miyala anali anansi ake. Pa 2 Mafumu 9:26 timamva kuti ndi ana ake omwe anaphedwa, kuti pasatsale wodzafunsa za mundawo.

Mukafika apa, funsani anthu funso ili: m'nkhaniyi, ndani ali ndi mlandu? Adzati Yezebeli. Ena adzati Ahabu. Dikirani pang'ono, musafulumire kuyankha. Wina adzatulukira yekha kuti nanga akuluakulu analandira kalata aja? Nanga mboni zija? Mzinda wathu uno ndi wa anthu a m'maofesi. Ambiri a ife sitidzakhalapo pa mpando waukulu, koma timasayina, timadinda, timanyamula fayilo kuchoka pa tebulo ili kupita pa linalo. Nkhani ya Cashgate ya 2013 tonse tikuikumbukira, ndipo ndalama zija sizinatuluke zokha pa Capital Hill, zinadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Phunziro likafika pamenepa silikhalanso la chipani chilichonse.

Ndikukuuzani izi chifukwa ine ndinapsapo. Zaka zingapo zapitazo, chisankho chili pafupi, ndinatsogolera mlaga kwathu ku Kawale ndipo ndinasankha Danieli 5, phwando la Belisazara ndi dzanja lolemba pakhoma. Nditangofika pa mawu akuti wayesedwa pa sikelo ndipo wapezeka wopepuka, bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Auzeni amve!" Mayi wina amene anakhala pamkeka pafupi ndi khomo anatseka Baibulo lake, nalikulunga m'chitenje, n'kuyamba kuyang'ana kunja. Ine sindinatchule dzina la munthu, koma aliyense anali ataikapo kale dzina lake mumtima, ndipo aliyense anaika la mtsogoleri wa chipani cha mnzake. Thobwa limene eni nyumba anatikonzera linatsala theka la ndowa. Mayi aja anatha miyezi iwiri osabwera ku mlaga. Vuto silinali Danieli. Ndinasankha ndime imene anthu angaloze nayo chala kutali, ndipo sindinawathandize kuibweza pafupi.

Chimene chinandibweza ineyo pafupi ndi Yeremiya 22:13-19, ndipo ndikupemphani kuti iyi ikhale ndime yanu yachiwiri, yowerenga chakumapeto. Mneneri akudzudzula mfumu Yehoyakimu, osati chifukwa cha nkhondo kapena mafano, koma chifukwa ankamanga nyumba ya zipinda zam'mwamba, ya mawindo aakulu, ya matabwa a mkungudza ndi penti wofiira, pogwiritsa anthu ntchito osawalipira. Tsiku limene ndinaiwerenga bwinobwino ndinali ndi ngongole ya anyamata atatu amene anandiumbira njerwa, ndikuwazengereza ndi mawa, mawa, pamene malata ndinali nditagula kale. Yeremiya akuti mfumu imeneyo idzaikidwa ngati bulu, kukokedwa n'kutayidwa kunja kwa zipata. Sindinagone bwino usiku umenewo. Pa mlaga panupo padzakhala alandilodi, mabwana a antchito a pakhomo ndi alonda, mwina ndi a komiti ya sukulu kapena ya chitukuko. Onsewo ndi olamulira pa mlingo wawo.

Tsopano chinthu chimene muyenera kukonzekera, chifukwa chidzabwera ndithu. Wina adzafunsa kuti ngati Mulungu amaweruzadi, bwanji ena akuba, akupha, koma akukalamba ali pabwino? Musayankhe mothamanga kuti choipa chitsata mwini, ngati kuti nthawi zonse timachiona chikumutsata. Baibulo lenilenilo silinena mophweka choncho. Manase anadzaza Yerusalemu ndi magazi a anthu osalakwa, koma analamulira zaka 55, kuposa mfumu ina iliyonse ya Yuda, ndipo anaikidwa m'munda wa kunyumba kwake. Mdzukulu wake Yosiya, amene anakonza Nyumba ya Mulungu ndi kubwezeretsa malamulo, anayamba ufumu ali ndi zaka 8, nalamulira zaka 31, n'kufera kunkhondo ya ku Megido asanakwanitse zaka 40. Mukaika awiriwa pamodzi, masamu athu aja akuti woipa amafa msanga sakugwira. Asafu pa Masalimo 73 anavomera poyera kuti anatsala pang'ono kuterereka poona oipa akunenepa. Habakuku anayamba buku lake ndi kufunsa Mulungu kuti mpaka liti. Munthu wofunsa funso limeneli musamuone ngati wofooka m'chikhulupiriro, ali pagulu la aneneri.

Ngakhale kwa Ahabu yemweyo, chiweruzo sichinabwere tsiku lomwelo. Eliya anamupeza m'munda muja akuuyendera, namufunsa kuti wapha, ndipo walandanso? Anamuuza za agalu odzanyambita magazi ake. Koma panapita nthawi. Ahabu anadzafera ku Ramoti Giliyadi atadzibisa kuti asadziwike kuti ndi mfumu, muvi woponyedwa mwachisawawa n'kumupeza polumikizira chovala chake chankhondo, ndipo potsuka galeta lake pa dziwe la ku Samariya agalu ananyambita magaziwo. Mtembo wa mwana wake Yoramu unadzatayidwa m'munda wa Naboti patapita zaka zopitirira 10, ndipo Yehu amene analamula zimenezo ankakumbukirabe mawu ananenedwa aja. Akuluakulu amati mlandu suwola. Koma Naboti sanaone chilichonse cha izi, ndipo munda sunabwerere kwa iye. Nenani zimenezi moona mtima. Chiphunzitso cha chikhristu sichilonjeza kuti milandu yonse idzathera pansi pano. Pa Chivumbulutso 20:12 akufa aakulu ndi aang'ono aimirira pamodzi mabuku atatsegulidwa, ndipo kumeneko ndi kumene nkhani ya Naboti ikathere.

N'chifukwa chake ndikuchenjezani za chizolowezi chathu chija. Wamkulu wina akangodwala kapena kumwalira mwadzidzidzi, pa WhatsApp pamadzaza mauthenga akuti Mulungu wakantha, ndipo aneneri ena amatulutsa mawu ojambulidwa akuti ndinanena ine. Zoterozo musapite nazo ku mlaga. Herode wa pa Machitidwe 12 tikudziwa kuti anakanthidwa chifukwa Malemba atiuza. Za anthu a lero palibe anatiuza. Yesu atauzidwa za Agalileya amene Pilato anawapha, anatchulanso anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nakana kuti iwowo anali ochimwa koposa anzawo. Zili pa Luka 13:1-5. Komanso kumbukirani kuti womwalirayo ali ndi abale, ndipo mu Lilongwe simudziwa kuti wakhala pambali panuyo ndi mphwake wa yani.

Pali mavesi atatu omaliza a 1 Mafumu 21 amene alaliki ambiri amawadumpha, ndipo ine ndinkawadumphanso chifukwa amandinyansa pang'ono. Ahabu atamva mawu a Eliya anang'amba zovala, navala chiguduli, nasala kudya, n'kumayenda mwakachetechete. Ndiye Mulungu akuuza Eliya kuti waona mmene Ahabu wadzichepetsera? Tsoka lija sindilibweretsa m'masiku ake. Munthu wopha Naboti! Musawadumphe. Asiyeni anthu alimbane nawo, akwiye ngati akukwiya. Mneneri amatumidwa kwa mfumu kuti mwina itembenuke, osati kuti akasangalale ndi kugwa kwake. Danieli anauza Nebukadinezara kuti asiye zoipa ndi kuchitira chifundo osauka kuti mwina mtendere wake utalike. Natani anafika kwa Davide ndi nthano ya kamwana ka nkhosa ka munthu wosauka, Davide n'kudziweruza yekha asanauzidwe kuti munthuyo ndi iyeyo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Wina adzatulutsa Aroma 13, kuti olamulira anaikidwa ndi Mulungu ndiye tisawakhudze. Musakangane naye, muwerengereni limodzi mpaka vesi 4, pamene wolamulira akutchedwa mtumiki wa Mulungu woti akuchitire zabwino. Mtumiki ali ndi bwana amene adzamufunsa. Paulo analemba izi Nero ali pa mpando ku Roma, ndipo pa 1 Timoteyo 2:1-2 tikuuzidwa kupempherera mafumu. Petro ndi atumwi anzake anauza bwalo lalikulu kuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu, pa Machitidwe 5:29. Zonsezi zimayendera limodzi.

Ngati padzakhala achikulire, adzakukumbutsani okha za kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992. Achinyamata ambiri amangomva kuti inagwedeza boma la chipani chimodzi, koma sadziwa kuti munalibe matemberero. Inakamba za malipiro ochepa, za masukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za mantha oyankhula. Boma linaitcha kalata youkira, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, ndipo pa 14 June 1993 anthu anavota pa riferendamu. Ine si wa Katolika, koma pamenepa abale athu a m'miphakati anationetsa njira: kutchula cholakwa momveka bwino, chiweruzo cha munthu n'kuchisiya kwa mwini wake. Muitchule ngati mbiri chabe, mwachidule, chifukwa mukaitalikitsa mwabwereranso ku thobwa langa lija.

Za kachitidwe, sizambiri. Werengani mutu wonse wa 21 mokweza, mugawane anthu atatu kapena anayi. Buku Loyera limamveka msanga kwa achinyamata, koma agogo akabwera ndi Buku Lopatulika asiyeni awerengemo gawo lawo. Nenani poyambirira penipeni kuti lero sititchula dzina la munthu wamoyo kapena chipani, ndipo wina akayamba, mudulireni mwaulemu nthawi yoyamba yomweyo, chifukwa mukalekerera woyamba wachiwiri simumuletsanso. Auzeniretu a mkulu wa mpingo a dera lanu ndime zimene mwasankha, kuti mawu akadzapotozedwa pasakhale kudabwa. Popemphera potseka, sankhani munthu mmodzi apempherere olamulira, wina apempherere olandidwa malo ndi osalipidwa, ndipo ngati zingatheke awiriwo akhale anthu amene mukudziwa kuti savota kumodzi.

Anyamata a njerwa aja ndinawalipira Loweruka la sabata yomweyo, pa Airtel Money, poti nkhope yoonana nawo ndinalibe. Mukakhala ndi ngongole yotereyi inunso, muithetse lisanafike Lachitatu. Ndipo mudzatiuze m'gulu muno kuti anthu anayankha chiyani pa mavesi atatu omaliza aja, ine mpaka pano sanandikhalebe bwino.