Za gitala ya pa boma ija, alamu

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Zithunzi ndaziona, ndiye ndati ndingoyankhula, kulemba kungatalike. Mukufunsa ngati gitala akugulitsa bambo uja pa boma la Mchinji ilidi Fender Stratocaster ya 1962, yoti bandi ya kutchalitchi ikhuthule thumba lonse. Ayi alamu, musapereke kaye ndalama.

Taonani chithunzi chachiwiricho. Nambala ya gitala ili kumutu, pafupi ndi dzina. Fender, kampani yopanga magitalawa, anayamba kuika nambala pamenepo mu 1976. Ya 1962 nambala yake imakhala kumsana, pa kachitsulo ka masikuluu anayi kogwira khosi. Basi, nkhani ya 1962 yathera pomwepo.

Komanso ya 1962 yeniyeni, eee, si ya mtengo akunena bambowo. Leo Fender, amene anayambitsa Fender, anagulitsa kampani yake ku CBS, kampani ya wailesi ndi kanema ya ku America, mu 1965, ndiye magitala opangidwa izi zisanachitike anthu amawalimbirana, mtengo wake umadutsa madola 20,000. Ndi amene amawatchula kuti vintage. Munthu sangayende nayo pa kabaza ilibe ndi bokosi lomwe.

Pamene anthu amasokonezeka ndi apa. Kuyambira 1982, Fender eni ake amapanga magitala atsopano potengera kapangidwe kakale, n'kuwapatsa dzina la chaka, monga '62. Chakacho chikunena za kapangidwe, osati tsiku lopangidwa. Ndi orijino ndithu, koma si akale. Palinso Squier, ya Fender yomweyo, yotsika mtengo, ndipo imalemba dzina lake poyera. Imeneyo ndimailemekeza, imaimba bwino mukaikonza. Zimene zimandipweteka mtima ndi zafeki, gitala wamba kuimata dzina la Fender, kuikanda utoto dala kuti ioneke yokalamba, kenako kudyera ndalama za chopereka cha anthu.

Ndiye chitani izi. Pitani ndi mnyamata woimba lead uja, ailumikize ku ampu, aimbe nsambo iliyonse mpaka kumunsi kwa khosi, amve ngati ikulira zii kapena ikuthawa tchuni. Ayang'anenso ngati khosi silinapindike. Ikakhala bwino, kambiranani mtengo wa gitala yogwiritsidwa kale ntchito, osati wa chaka chimene akunenacho. Akakana kutsitsa, isiyeni. Munditumizirenso chithunzi cha nambalayo chapafupi, ndione kumene inapangidwa. Mupereke moni kwa achemwali ndi ana.