Chimene chimakugwirani Lamulungu madzulo chili ndi dzina

Mayi wina amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, kuno ku Joni, ananditumizira imelo sabata yatha. Iwo akuti Lamulungu lililonse madzulo, akatha kulankhula pa foni ndi ana awo awiri amene anawasiya kwa agogo ku Dedza, china chake chimawagwira pamtima mpaka chakudya chimakanika kutsika, ndipo anzawo akawafunsa amangoyankha kuti ali ndi stress. Funso lawo ndi lakuti: kodi Chichewa chilibe mawu akeake otchulira zimenezi?

Mayi, mawuwo alipo, ndipo ndi kupukwa. Munthu amapukwa pamene mtima wake ukulakalaka munthu kapena malo amene ali kutali, moti thupi nalo limayamba kufooka ngakhale palibe matenda. Kumudzi mawuwa ndinkawamva kawirikawiri akamanena za mwana wamng'ono amene mayi ake achokapo: sakutentha thupi, koma akukana phala, wangokhala khuma pakhonde, ndipo agogo akamuyang'ana amati mwanayu wapukwa. Kupukwa n'kosiyana ndi kusungulumwa, pakuti wosungulumwa amatsitsimuka mnzake aliyense akabwera kudzacheza naye, pamene wopukwa akhoza kuima pakati pa chikhamu cha anthu pa Park Station, siteshoni yaikulu ya ku Joni, Chichewa chikumveka mbali zonse, koma mtima wake osakhala m'malo, chifukwa amene akumufunayo palibepo. Kunyong'onyeka ndi kwinanso, kumabwera munthu akasowa chochita.

Si inu oyamba kupukwa mumzinda uno. Agogo athu ambiri anabwera ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi, kudzakumba golide, mpaka mu 1974 pamene ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo boma la Kamuzu Banda linaimitsa kaye ulendowo. Amene anakhalitsa osabwerera kwawo tinawapatsa dzina lakuti matchona, ndipo zimandiwawa kuti dzina lowanyoza talisunga bwino, koma mawu otchulira zimene ankamva mumtima tikuwasiya.

Stress yameza mawu ambiri, osati kupukwa kokha. Nthumanzi ndi mantha a chinthu chimene sichinafike, monga a munthu amene pemiti yake yatha akaona galimoto ya apolisi ikuima pakona. Kunyumwa n'kochepera pamenepo, ndiko kumva kuti china chake sichili bwino usanadziwe kuti n'chiyani. Tsemwe limayenda pakhungu ukamva nkhani yoopsa, ndipo uthenga wa maliro ukafika usiku, munthu amazizira nkhongono kapena kungoti kakasi, kusowa chonena. Msunamo ndi chisoni chosalira, chimene chimangokhala pankhope. Mukaona bwino, makolo athu sankaika zonse mumtima mokha ayi, zina ankaziika pakhungu, zina m'nkhongono, zina kukhosi, n'chifukwa chake wokhumudwa amasunga chakukhosi, ndipo nkhani ikakambidwa n'kutha amati kukhosi kwayera.

Mawu amene ndimawakonda kwambiri ndi mangawa. Tanthauzo lake lakale ndi ngongole, ndipo m'Buku Lopatulika la 1922 Pemphero la Ambuye limati "mutikhululukire mangawa athu". Koma tikamati wina akusunga mangawa, timatanthauza kuti sanaiwale cholakwa chimene anamuchitira, ngati kuti wolakwayo akadali ndi choti abweze. Sindikudziwa njira ina yachidule yonenera zimene zimachitika pakati pa abale pamene wina watumiza ndalama zomangira nyumba kwa zaka zisanu, n'kukapeza maziko okha.

Ine sindidana ndi mawu obwereka, ndipo kuno timayenda tsiku lonse m'Chingerezi ndi m'Chizulu, choncho n'zosadabwitsa kuti lilime limatola chimene chili pafupi. Vuto langa ndi lakuti mukati muli ndi stress, mnzanu sadziwa chokuchitirani, koma mukati mwapukwa ana anu, iye akudziwa kuti ayenera kukhala nanu pansi n'kukufunsani mayina awo ndi makalasi amene ali. Ngati kulephera kudyako kwapitirira masabata angapo, kapena tulo tasowa, pitaninso kukiliniki, chifukwa kudziwa dzina la chinthu sikuchiritsa thupi.

Mawu ambiri otere analembedwa kalekale. David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, ndipo a Centre for Language Studies ku Zomba anakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Komabe inu muli ndi gwero lapafupi kuposa mabuku amenewa. Lamulungu likubwerali, ana akamaliza kulankhula, muwapemphe agogo awo atenge foni, muwauze kuti mwapukwa, ndipo muwafunse ngati wamng'onoyo akudya bwino.