Za filimu ya akauboyi ija mumandiseka nayo

Eee mphwanga, funso lako ndaliona, loti achimwene bwanji mumangobwereza filimu imodzimodzi ya akauboyi, yakalekale, yakuda ndi yoyera basi. Kulemba ndi zala kunditopetsa, ingomvera. Enanu a pagulu pano mumvenso, paja mumandiseka nonse.

Dzina lake ndi High Noon, ya 1952. Gary Cooper ndiye Will Kane, mkulu wa apolisi m'katauni kotchedwa Hadleyville. Wangomanga ukwati m'mawa womwewo, watula pansi udindo, akuti azipita ndi mkazi wake akatsegule sitolo kwina. Basi uthenga uwu wafika: Frank Miller, chigawenga chimene iye anachimangitsa, achitulutsa kundende, chikubwera pa sitima ya 12 koloko masana, ndipo anzake atatu akudikirira kale pasiteshoni.

Iwe ukuganiza kuti ndi mfuti zokhazokha. Ayi ndithu, mfuti zimalira kumapeto kwenikweni. Pafupifupi mphindi 85 zonse za filimuyi ndi munthu akungoyenda khomo ndi khomo kupempha anzake kuti aime naye, uku wotchi ikuyenda pakhoma. Woweruza amene anagamula mlandu wa Miller alongedza mabuku ake n'kuthawa. Mnzake wina abisala kuchipinda, n'kutuma mkazi kukanena pakhomo kuti bambo achokapo. Kutchalitchi akangana, akangana, mapeto ake agwirizana kuti bola Kane yemweyo achoke m'tauni.

Ndiye ukukumbuka chaka chija ndinali msungichuma wa komiti ya chitukuko, ndalama za simenti zitasowa? Anthu ankabwera kunyumba mdima utagwa, amvekere, mukunena zoona akulu, ife tili pambuyo panu. Tsiku la msonkhano likuyandikira, uyu akuti mwana wadwala, uyu akuti kwagwa maliro kwa apongozi, wina anabweradi koma maso pansi ngati akuwerenga nyerere. Usiku woti mawa lake msonkhano sindinaone tulo. Ndinaganizapo zongonena kuti ndadwala malungo.

Chimene chinandibwerera m'mutu si kuwombera kwa Kane ayi. Ndi paja wakhala yekha muofesi, nkhope yonse mabala ndi thukuta, n'kuweramitsa mutu patebulo. Ndi paja wapita kukhola la akavalo n'kumayang'ana kavalo, mtima ukumuuza kuti thawa. Kenako akhala pansi kulemba wilo, chifukwa sakuyembekezera kuti afika madzulo. Munthu wamantha ngati ine ndemwe, mwendo ukunjenjemera, koma sitima italira anatuluka mumsewu. Ine ndinkayesa kuti mantha angawo akutanthauza kuti ndalakwa penapake. Usiku umenewo ndinasiya kuganiza choncho, m'mawa ndinanyamula buku la ndalama n'kupita.

Komanso amene analemba nkhani ya filimuyi, Carl Foreman, zinali kumuchitikira iye mwini. Mu 1951 anaitanidwa ndi komiti ya aphungu a ku America kuti atchule anzake omwe anali achikomyunizimu. Anakana kutchula maina, ntchito ku Hollywood inamuthera, anzake ena anayamba kumuzemba, mpaka anasamukira ku Britain. John Wayne, mfumu ya mafilimu a akauboyi, filimuyi ankadana nayo kwambiri. Chondiseketsa n'choti Cooper atapambana mphotho ya Oscar ndi filimu yomweyi, amene anakamulandirira mphothoyo ndi John Wayne yemweyo.

Hee, ndisaiwale, alamu ako andikoka khutu. Mkazi wa Kane, yemwe akuseweredwa ndi Grace Kelly, ndi wa mpingo wa Quaker, wosafuna kumva za mfuti, ndipo anali atakwera kale sitima kumusiya mwamunayo. Atamva mfuti yoyamba anatsika n'kuthamangira m'tauni, ndipo chigawenga chimodzi anachiwombera ndi iyeyo. Kumsonkhano kuja alamu ako anali atanena kuti sabwera, akuti ndikuwachititsa manyazi kwa anthu. Nditangoimirira ndinawaona akulowa, kapepala ka malisiti atakamanga pansonga ya chitenje, n'kudzakhala pafupi nane.

Kane pomaliza amavula baji yake n'kuiponya pafumbi anthu onse akuona. Ine sindinaponye kanthu, makiyi a kabati ndinangowasiya patebulo bwinobwino, paja anthuwo timakumana nawo pachigayo.

Loweruka ubwere ndi flash ndikuikire. Koma usamaithamangitse kufuna pa mfuti, uzionera ndi wotchi yomwe.