Kwa mayi amene akufuna kudziphunzitsa kujambula mapatani

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wosoka zovala, amene akufuna kudziphunzitsa kujambula mapatani okongoletsera nsalu. Akuti tsiku lililonse amaona mtundu watsopano pa Pinterest, tsamba la zithunzi la pa intaneti, kuuyesa madzulo amodzi n'kuusiya, ndipo akufunsa kuti ayambire uti. Funso lanu landikhudza, mayi, chifukwa inenso luso limeneli ndinalifunafuna ndekha popanda sukulu yondiphunzitsa.

Maso anga anatsegukira pa malichero a malume anga. Iwo ankang'amba nsungwi, kuzisenda mpaka zipyapyale, ndipo poluka ankadutsitsa kansungwi kamodzi pamwamba pa tinzake titatu, kenako pansi pa titatu, ndipo mzere wotsatira ankausuntha ndi kamodzi kokha. Kusuntha kochepa kumeneko ndiko kunkabala mizere yopendekeka imene timaiona pa lichero. Ndili mwana ndinkatenga kope la masamu la timabokosi n'kumadetsa timabokosito motsata kalukidwe kawo, ndipo nditasintha chiwerengero, kapena kubweza kusunthako cham'mbuyo ndikafika pakati, pa pepala pankatuluka mizere yokhotakhota ndi madayamondi amene sindinawaganizire n'komwe. Malume sankajambula chilichonse, koma ankadziwa kuti patani ndi lamulo laling'ono lobwerezedwa mosaphonya. Pambuyo pake ndinayamba kuyala zitenje za amayi pa mphasa n'kumafufuza pamene duwa likuyambiranso, mpaka diso linazolowera kupeza kachigawo kamodzi kamene kabala nsalu yonse.

Chifukwa cha zimenezi sindigwirizana ndi amene amalangiza ophunzira kuti alawe mitundu yambiri mwamsanga. Patani aliyense ali ndi phaso lake monga denga, ndipo amene amangoyang'ana udzu wofolera sangamange nyumba. Wojambula wa ku Netherlands, M. C. Escher, anapita ku Alhambra, nyumba yachifumu yakale ya mumzinda wa Granada ku Spain mu 1922, n'kubwererako mu 1936, ndipo kumeneko anakhala pansi kukopera ndi dzanja mapatani a matailosi amene amisiri achisilamu anaika m'makoma zaka mazana ambiri m'mbuyomo. Mbalame ndi nsomba zake zolowana popanda mpata zinachokera m'kukopera koleza mtima kumeneko. Mayi Esther Mahlangu a ku South Africa, amene anabadwa mu 1935, anaphunzira kupenta makoma mwa Chindebele kwa amayi awo ndi agogo awo, amalemba mizere yowongoka ndi nthenga ya nkhuku popanda rula, ndipo mu 1991 anapenta galimoto ya BMW ndi kalembedwe komweko ka kumudzi. Iwo akhala pa mtundu umodzi moyo wawo wonse, ndipo dziko lonse likuwadziwa.

Ndinenenso mosabisa kuti mapulogalamu a pa foni amene amabwereza okha kamzere kamene mwalemba mbali zonse amamulanda wophunzira chinthu chenicheni chimene anayenera kuphunzira. Chithunzi chimatuluka chokongola, koma dzanja ndi mutu sizinagwire ntchito, ndipo mukapatsidwa choko ndi nsalu simungachibwereze. Mapulogalamuwo ndi othandiza kwa munthu amene akudziwa kale chimene makinawo akumuchitira.

Chinanso chimene chimandipweteka mtima n'chakuti timathamangira za kutali tisanaone za pakhomo. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pa miyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wake mu 2006. Zofiira, za Akafula, zambiri ndi mizere, madontho ndi zozungulira zovekana, pamene zoyera, za Achewa, zimakhudzana ndi chinamwali ndi Nyau. Izi zikutikumbutsa kuti si chojambula chilichonse chimene chili chokongoletsera chabe. Zizindikiro za Adinkra za ku Ghana, zimene amadinda pa nsalu ndi zidindo zosemedwa ku chikho, chilichonse chili ndi dzina ndi tanthauzo lake, choncho musanachiike pa diresi ya kasitomala muyambe mwadziwa chimene chikunena.

Poyambira penipeni

Gulani kope la timabokosi, pensulo, rula ndi kampasi. Popeza ndinu wosoka, sankhani chitenje chimodzi chimene mumachikonda, mupeze kachigawo kake kobwerezedwa, ndipo mukakopere ndi pensulo yokha, popanda utoto, mpaka muthe kukalemba musakuyang'ana. Mukatero lembani kachigawo kanukanu pakati pa kapepala ka mbali zinayi zofanana, mukadule pakati n'kusinthanitsa zidutswazo, mudulenso chopingasa n'kusinthanitsanso, kenako mudzaze mpata umene watsala pakati. Kapepala kameneko kadzalumikizana kokha mbali zonse mukakabwereza. Khalani pa mtundu umenewo mwezi wathunthu, ndipo mtundu wachiwiri ukhale wosiyana nawo kwambiri, monga nyenyezi za kampasi za ku Alhambra kapena masamba opiringizana a William Morris, wojambula mapatani wa ku England, kuti dzanja liphunzire lamulo lina la kabwerezedwe.