Za kukaphunzira udokotala wa ziweto ku Zambia

Achemwali, ndaliona funso lanu loti mwapeza malo ku UNZA, yunivesite ya Zambia, kukaphunzira za vet (udokotala wa ziweto) koma achibale akukuuzani kuti ku Zambia si kunja kwenikweni, mudikire mpaka mwayi wa ku Ulaya utapezeka. Ine ndinaphunzira komweko ndiye ndiloleni ndiyankhe motalika pang'ono, nkhaniyi imandikhudza.

Pitani. Ndayamba ndi yankho kuti mukatopa kuwerenga mukhale mutalimva. Chifukwa chake ndi choti matenda amene mudzalimbane nawo ku Mzimba, ku Mchinji kapena ku Chikwawa ndi omwewo amene akupha ng'ombe ku Katete ndi ku Monze, nkhupakupa siidziwa boda ya Mwami. Dokotala wa ziweto amaphunzira ndi manja, ndipo manjawo ayenera kuzolowera ng'ombe zathu zomwezi za malinunda, zoonda m'mwezi wa Okutobala, zimene mwini wake alibe ngakhale khola lopanira loti muibaye jekeseni bwinobwino.

Sukuluyo dzina lake lonse ndi Samora Machel School of Veterinary Medicine, ili pa kampasi ya Great East Road ku Lusaka ndipo anamanga mothandizidwa ndi dziko la Japan, ubale wawo ndi yunivesite ya Hokkaido ndi wakalekale. Nthawi yathu zinali zaka 6, chaka choyamba umakhala ku Natural Sciences kulimbana ndi biology, chemistry, physics ndi masamu kenako ndi pamene umalowa ku vet kwenikweni. Mufunse ngati inunso muyambira pamenepo kapena akudumphitsani, zimatengera mapepala amene muli nawo.

Anatomy, phunziro la kapangidwe ka thupi, ndi imene imagwetsa anthu mphwayi. Fungo la formalin, mankhwala osungira nyama zakufa kuti zisawole, limalowa mpaka m'zovala, ukamadya nsima madzulo umalimvabe m'zala ngakhale unavala magolovesi, ndipo suphunzira nyama imodzi ayi, galu, ng'ombe, hatchi, nkhumba, nkhuku, chilichonse ndi mafupa ake ndi mitsempha yake. Anzathu a medicine amaphunzira munthu yekha, ife zonsezo, komanso wodwala wathu sanena pamene pakupweteka. Pamenepo pamafunika gulu lowerengera limodzi, musadzipatule.

Koma chimene ndimafuna mumve ndi ichi. Tsiku lina tili ku ma pulakitiko kumudzi, bambo wina anatiitana kuti mwana wa ng'ombe wasiya kuyamwa. Alekichala sanalankhule kanthu, anangondipatsa thermometer nkuima pambali. Ndinayeza, 41, pamene ng'ombe yabwinobwino imakhala pa 38 kapena 39. Anati gwira pansi pa khutu, gwiranso kutsogolo kwa phewa, ndipo ndinamva mwanabere wotupa ngati dzira la nkhuku. Nditapinda khutu ndinapeza nkhupakupa zofiirira zitadzadza mkati. East Coast fever imeneyo, matenda ofalitsidwa ndi nkhupakupa, imene kumwera kwa Zambia alimi amaitchula kuti denkete. Tinaboola mwanabereyo ndi singano, kupaka pa kagalasi, madzulo ake ku labu ndinaona ndi maso anga tizilombo ta Theileria parva timene ndinangoloweza m'buku. Tinabaya buparvaquone, mankhwala odula kwambiri, bamboyo anachita kugulitsa mbuzi. Patatha masiku angapo tinamva kuti kang'ombeko kayambanso kuyamwa ndipo sindidzaiwala mmene ndinamvera mumtima, chifukwa ukachedwa matenda amenewa ng'ombe imafa ikutuluka thovu m'mphuno, mapapo atadzadza madzi, mwini wake akuyang'ana.

Ndiye taganizani, katemera wa matenda amenewa amapangidwa ku Lilongwe konkuno, ku likulu loona za nkhupakupa ndi matenda ake lija la CTTBD. Umabaya ng'ombe tizilombo tamoyo pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline okhalitsa m'thupi kuti idwale pang'ono chabe nkukhala yotetezeka, ndipo katemerayo amasungidwa ataumitsidwa mu liquid nitrogen yozizira kwambiri, akasungunuka uyenera kumugwiritsa ntchito msanga. Ku Zambia ali ndi mitundu yawo ya katemerayu yotchedwa Katete ndi Chitongo. Zimenezi ku Ulaya mukaziona pa tsamba limodzi la buku basi, kulibe matendawa kumeneko.

Zinanso mukaziona pafupi. Anthrax amavuta ku Western Province ndi ku chigwa cha Luangwa komwe amapha mpaka mvuu, ndipo lamulo loyamba limene anatikhomerera m'mutu ndi loti nyama yafa mwadzidzidzi, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno ndi kumbuyo, osaitumbula, mukatumbula mwafesa matenda m'nthaka kwa zaka zambirimbiri. Kuuza anthu akumudzi kuti ng'ombe yonseyi isadyedwe, itenthedwe kapena ikwiriridwe, imeneyo ndiye ntchito yovuta kuposa mayeso onse amene ndinalembapo, ndipo umafunika ulemu, kuyamba wakhala pansi ndi amfumu. Ku Kafue Flats kuli TB ya ng'ombe imene imapezekanso mu nyama zakutchire zotchedwa lechwe chifukwa zimadya msipu umodzi. Chiwewe, chitopa, chigodola cha nkhumba, zonse zomwe zimativuta kuno. Chonde musanayambe kugwira agalu kukiliniki mubayitse katemera wa chiwewe, musanyalanyaze zimenezi, chiwewe chikaonetsa zizindikiro palibenso mankhwala.

Za moyo wa tsiku ndi tsiku musade nkhawa kwambiri. Chinyanja cha mu Lusaka mudzachimva tsiku loyamba lomwe ngakhale anachisakaniza ndi Chibemba ndi Chingerezi, iwo azidzakusekani kuti mumalankhula Chichewa chozama ngati cha m'Baibulo koma ndi chikondi chokhachokha. Chitonga phunziraniko moni ndi mayina a ziweto, alimi a kumwera amamasuka ukayesako. Nsima ndi yomweyi, kapenta alipo. Ndipo kukagwa zovuta kumudzi mumakwera basi m'mawa, kudutsa mlatho wa Luangwa, Chipata, Mchinji, usiku mwafika. Ine agogo anga anamwalira ndili chaka chachinayi ndipo ndinakwanitsa kudzaika nawo maliro, ndikanakhala kutsidya kwa nyanja sindikanatha.

Chovuta chenicheni ndi ndalama, ndisakunamizeni. Wochokera kunja fizi yake imasiyana ndi ya eni dziko, kwacha yathu ikagwa zonse zimakwera nthawi imodzi, ndiye amene akukulipirirani mukhale nawo pansi mugwirizane za zaka zonse osati chaka choyamba chokha, alembe ndithu. Muwerengere study permit, malo ogona, ovolosi, magambutsi, stethoscope ndi thiransipoti ya ku ma pulakitiko. Musananyamuke mupitenso ku bodi yolembetsa madokotala a ziweto kuno kwathu mukafunse zimene adzafune mukadzabwerako, ndipo pa holide muzidzipereka ku ofesi ya zaziweto ya m'boma lanu kapena ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe kuti anthu azikudziwani. Pano ku LUANAR nakonso akuphunzitsa udokotala wa ziweto, ngati ndalama zakanika imeneyo ndi njira yabwino ndithu. Za ku Ulaya zidzabwera pa masters mutadziwa kale chimene mukufuna kukafufuza.

Achibalewo muwauze mwaulemu, akukufunirani zabwino. Koma kalata yovomera malo ija muyankhe tsiku lisanadutse, ndipo mukafika pokonza za permit mundilembere ku inbox ndikuuzeni mapepala amene ine ndinanyamula.